Za mungu ndi za mwana wathu: kalata yochokera ku Joni

Braamfontein, Johannesburg

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Ntchisi. Ine kuno ndili bwino. Chisanu chatha, kwayamba kufunda, ndipo mitengo ya m'misewu yayamba kuphukira. Uthenga wanu ndinaulandira, koma sindinafune kuuyankha pa WhatsApp poti funso lanu si loyankha ndi mawu awiri. Kalatayi mukawerenga mumupatsenso mwanayo awerenge yekha.

Mwati wachisamba wanu akumaliza digiri yake ya biology ku Zomba, ndipo wanenetsa kuti akufuna kuchita kafukufuku wa mungu monga ndichitira ine, pomwe alamu akuti bola akanalowera ku zachipatala komwe ntchito yake ndi yooneka. Ndiye mwafunsa kuti ndikuuzeni chilungamo, kodi ntchito imeneyi ndi yotani, nanga munthu angadye nayo? Nkhawa ya alamu ndikuimvetsa ndipo sindikuipeputsa. Komabe maganizo anga ndi oti mumulole, bola alowemo akudziwa chimene akulowera, ndiponso ayambire kwathu konko asanaponde kuno.

Inu ndinu mphunzitsi wa biology, sindingayambe kukufotokozerani kuti mungu n'chiyani. Ana anu a sukulu amadziwa kuti chimanga chikamasula, kafumbi kachikasu kochokera ku ngayaye kakapanda kugwera pa ndevu, mlimi akolola zitsononkho zokhazokha. Chimene mabuku athu a kusekondale sanatiuze n'chakuti chigoba cha kanjere ka mungu ndi cholimba modabwitsa. Zam'kati zimafa msanga, za chimanga m'maola ochepa chabe, koma chigobacho, chopangidwa ndi chinthu chotchedwa sporopollenin, sichiola wamba. Chikagwera m'matope momwe mulibe mpweya, pansi pa nyanja kapena m'dambo, chimakhala zaka masauzande, mwinanso mamiliyoni. Kuwonjezera apo, banja lililonse la zomera lili ndi kaumbidwe kakekake ka chigoba. Mungu wa udzu ndi wozungulira, wosalala, wa kabowo kamodzi. Chimanga poti nachonso ndi udzu, wake ndi wotero, kungoti ndi waukulu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Wa bonongwe uli ndi timabowo thupi lonse. Wa chisoso ndi wa mpendadzuwa uli ndi minga. Wa bulugama ndi wa ngodya zitatu. Wa paini uli ndi timatumba tiwiri ta mpweya, n'chifukwa chake mphepo imapita nawo kutali. Wa mthethe suyenda kamodzikamodzi, umakhala wogwirana, kawirikawiri tinjere 16 pamodzi. Wa maungu ndiye chimphona, ukangouona koyamba pa maikulosikopu suiwalanso.

Tsono poti matope amaunjikana pang'onopang'ono, akale pansi atsopano pamwamba, munthu ukazika chipaipi n'kutulutsa matopewo osawasokoneza, umatha kudziwa zomera zimene zinkamera pamalopo nthawi ndi nthawi. Zomera zikadziwika, umadziwanso za mvula, kutentha, moto ndi zochita za anthu. Amene anayamba kuonetsa poyera kuti zimenezi n'zotheka ndi Lennart von Post wa ku Sweden, pa msonkhano wa mu 1916, pogwiritsa ntchito matope a m'madambo a kwawo. Njira yotsukira mungu imene tikugwiritsabe ntchito lero inachokera kwa Gunnar Erdtman, nayenso wa ku Sweden komweko.

Ndikufuna mwanayo aidziwe bwino mbali yotsukayi chifukwa ndi imene imathawitsa ambiri. Timatapa matope pang'ono kwambiri, osadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi, n'kuwaika m'kachubu. Tisanachite chilichonse timaponyamo kapiritsi ka njere za chomera chotchedwa Lycopodium zodziwika kale chiwerengero chake, kuti pomaliza tithe kuwerengetsera kuchuluka kwa mungu umene unali m'matopemo. Kenaka ndi kuchotsa chilichonse chimene si mungu. Asidi wa hydrochloric amasungunula laimu. Potassium hydroxide amachotsa zoolerana za masamba ndi mizu. Mchenga ndi dongo timazisungunula ndi asidi wa hydrofluoric, ndipo ameneyu ndiye woopsa zedi. Akakudonthera pa chala suyamba wamva kuwawa nthawi yomweyo, koma amalowerera pakhungu mpaka kukafika ku fupa. Tsiku logwiritsa ntchito ameneyu munthu sukhala wekha m'labu. Umavala magolovesi awiri kudzanja lililonse, epuloni ya pulasitiki ndi chotchinga kumaso, ndipo kachubu ka mafuta a calcium gluconate kamakhala pafupi pongofikira dzanja. Pomaliza pamabwera njira ya Erdtman ija: magawo 9 a acetic anhydride, gawo limodzi la asidi wa sulphuric, kutenthetsa kachubuko kwa mphindi zochepa m'madzi owira. Msakanizo umenewu sufuna kukumana ndi dontho la madzi, umaphulika, choncho zonse ziyenera kukhala zouma. Pakati pa sitepe iliyonse pali kuzunguza timachubu m'makina, kukhuthula, kutsuka, kuzunguzanso. Zonsezi zikatha, pansi pa kachubu pamatsala kadontho kakuda. Timakasakaniza ndi glycerine, n'kukapaka pa kagalasi, n'kuphimba.

Ndiye pamabwera kuwerenga. Umakhala pa maikulosikopu yokuza zinthu ka 400, n'kumayendetsa kagalasi mzere ndi mzere, kanjere kalikonse kukatchula dzina ndi kukalemba, mpaka tikwane 300 kapena kuposerapo pa kagalasi kamodzi. Kuli ngati kusankha mpunga pa lichero, kungoti apa chilichonse chimene wapeza uyenera kudziwa kwawo. Tina timakhala topindika, tina tong'ambika, tina tobisala kuseri kwa kachidutswa ka khala. Kagalasi kabwino kamatha m'maola angapo, kovuta kamadya tsiku lathunthu, ndipo chipaipi chimodzi chimafuna timagalasi tambirimbiri. Msana umawawa, maso amatopa. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mwana wanu ndi uja ndimamukumbuka, wotha kukhala pakhonde masana onse akusanja nthangala za mitengo yosiyanasiyana m'zitini, mtima wa ntchitoyi ali nawo kale. Koma akhale woona kwa iye mwini. Ngati chimene chikumukopa ndi maulendo a kutchire okha, adziwe kuti sabata imodzi ya kutchire imabala miyezi yambiri ya pampando.

Mungafunse kuti kuvutika konseku phindu lake n'chiyani. Ndiyambe ndi za kuno. Kafukufuku wa mungu kum'mwera kwa Africa anamuzika ndi Eduard van Zinderen Bakker ku yunivesite ya ku Bloemfontein, ndipo amene anamukuza pambuyo pake ndi Louis Scott. Kumpoto kwa Pretoria kuli chidzenje cha Tswaing, pomwe panagwa chimwala chochokera kumwamba zaka pafupifupi 220,000 zapitazo. Pakati pake pali kanyanja ka mchere, ndipo anaboolapo n'kutulutsa matope otalika mamita 90. Ngakhale m'zigawo zina mungu sunasungike bwino, matope amenewo pamodzi ndi a pa kasupe wa Wonderkrater ku Limpopo ndiwo anathandiza kuonetsa kuti pa nthawi yozizira kwambiri, zaka pafupifupi 20,000 zapitazo, dera lino linali lozizira ndi madigiri 5 kapena 6 kuposa lero, ndipo zomera zake zinali zina. Kumadera ouma komwe kulibe nyanja kapena dambo, Scott ndi anzake anapeza nkhokwe ina imene inu simungaiganizire: zimbudzi za mbira za m'mapiri. Mbira zimakodza ndi kuchita chimbudzi pamalo amodzi m'phanga, mibadwo ndi mibadwo. Mkodzowo umauma n'kusanduka chinthu cholimba chakuda, ndipo mungu wouluka ndi mphepo umamatirira momwemo, chigawo pamwamba pa chinzake. Koyamba kugwira chidutswa chake m'manja ndinadabwa kulemera kwake ndi fungo lake lamphamvu, koma m'kati mwake munali mungu wosungika bwino kuposa wa m'matope ambiri.

Nkhani imene inandigwira mtima kuti ndikhazikike pa ntchitoyi ndi ya nyanja yathu ya Malawi. Mu 2005 akatswiri anabwera ndi makina oboolera, n'kuwamangirira pa chombo cha Viphya. Pamalo pomwe madzi ndi akuya pafupifupi mamita 600, anaboola pansi pa nyanja mpaka mamita ena pafupifupi 380. Matope anatulukamowo akusunga mbiri ya zaka zoposa miliyoni imodzi. Anapezamo kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa kotero kuti madzi a m'nyanja anatsika ndi mamita oposa 500. Taganizani, achimwene, nyanja ija timaiona ngati yosatha inatsala kadziwe ka madzi amchere pakati, ndipo mungu wa nthawi imeneyo ukuonetsa dziko la udzu wapatalipatali, loyandikira ku chipululu. Mvula ikabwerera nyanja inkadzazanso, nkhalango n'kutsika m'mapiri kufika m'mphepete mwa madzi, ndipo izi zinachitika mobwerezabwereza.

Kenaka mu 2021 gulu lotsogozedwa ndi Jessica Thompson, mothandizana ndi katswiri wa mungu Sarah Ivory, linatulutsa zotsatira zimene zinaphatikiza matope a m'nyanjawa ndi zida zamiyala zofukulidwa ku Karonga. Anaona kuti mvula itabwereranso zaka pafupifupi 85,000 zapitazo, nyanja inadzaza monga kale, koma nkhalango sinabwerere monga inkachitira m'mbuyomo. Mitundu ya mitengo inachepa, yopirira moto ndiyo inachuluka, ndipo timakala m'matope tinawonjezeka. Iwo anamasulira kuti anthu a ku Karonga anali atayamba kale kugwiritsa ntchito moto posintha tchire lowazungulira. Pali akatswiri ena amene amafunsabe mafunso pa kamasuliridwe kameneka, ndipo ndi mmene sayansi iyenera kuyendera. Koma ine zinandisinthira kaonedwe ka tchire lathu. Nkhalango ya mombo ndi msuku imene timaitcha yachilengedwe yakhala ikuyenda limodzi ndi moto wa anthu kuyambira kalekale.

Za ku Nyika nazo n'zofunika kuti muziuze ana anu m'kalasi. Kwa nthawi yaitali anthu ophunzira ankakhulupirira kuti mapiri audzu aja anali nkhalango yokhayokha imene makolo athu anaitentha posachedwapa, n'kungotsala timagulu ta mitengo m'zigwa. Michael Meadows anatenga matope m'madambo a kumeneko, ndipo zimene anasindikiza mu 1984 zinaonetsa kuti udzu wakhala ukulamulira pa Nyika kwa zaka pafupifupi 12,000. Izi si nkhani za m'mabuku chabe. Masiku ano aliyense akaona malo opanda mitengo amathamangira kunena kuti awonongeka, tibzalepo. Pomwe panalidi nkhalango n'kudulidwa, monga m'mapiri ambiri a kwathu omwe apita ndi makala, kubzala n'koyenera ndipo tachedwa nako. Koma kudzaza paini kapena bulugama pa malo amene akhala audzu kuyambira kale ndi kuwononga, chifukwa udzuwo uli ndi maluwa ake, mbalame zake, ndipo umasunga madzi a mitsinje. Kuti tisiyanitse malo awiriwa pafunika umboni, ndipo wina mwa umboni wodalirika uli m'matope.

Ntchito yathu si ya zakale zokha. Kuyambira mu 2019, mizinda ikuluikulu ya dziko lino, kuphatikizapo Johannesburg, Pretoria, Cape Town, Durban ndi Bloemfontein, ili pa mgwirizano woyeza mungu wa mumpweya sabata iliyonse, motsogozedwa ndi a Lung Institute ya University of Cape Town. Chida chake amachiika padenga. Chili ndi chipsepse chochitembenuzira komwe kukuchokera mphepo, ndipo chimakoka mpweya malita 10 pa mphindi kudzera pa kampata kakang'ono. M'kati muli kagudumu kokulungidwa tepi yomata, koyenda mamilimita 2 pa ola, kotero kuti pakutha pa sabata tepiyo umaidula zidutswa 7, chilichonse tsiku lake. Ukaika pa maikulosikopu umatha kunena kuti Lachitatu masana munali mungu wanji mumpweya ndiponso wochuluka bwanji.

Pali bambo wina wa ku Dedza amene timapemphera mpingo umodzi kuno, amagwira ntchito yosamala maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Parkview. Chaka chilichonse kukangoyamba kufunda amavutika ndi chimfine chosatha, kuyetsemula, maso kufiira ndi kuyabwa, usiku chifuwa kumalira. Iye, monga anthu ambiri kuno, ankaloza chala jakaranda, poti ndiye mtengo wooneka, umene mu Okutobala umasandutsa misewu yonse kukhala yapepo. Loweruka lina ndinamutengera ku labu n'kumuikira kagalasi ka sabata ya mu Seputembala. Poyamba ankatsinzina diso limodzi, ndinachita kumuuza kuti atsegule onse. Ataona anakhala chete, kenaka anafunsa kuti, "Timipira tonseti tinali mumphepo imene ndimapuma?" Tinali tinjere ta mtengo wa plane, uja wa khungu losupukasupuka wodzaza m'misewu ya kumpoto kwa mzindawu, pamodzi ndi ta oak ndi ta mabulosi. Wa jakaranda sunaoneke, ndipo ngakhale pa nyengo yake umapezeka wochepa, chifukwa maluwa okongola amadalira njuchi kunyamula mungu wawo ndipo sautaya mumphepo. Ovutitsa ndi aja a maluwa osaoneka bwino, amene amauthira mumphepo wochuluka zedi. Mitengo ikamaliza, udzu umalandira, ndipo kuno nyengo ya mungu wa udzu ndi yaitali, dzinja lonse. Ine si dokotala, ndinangomulimbikitsa kupita kuchipatala akanene za chifuwacho momveka kuti amuyeze mphumu, komanso kuti azivala chotchinga pamphuno akamatchetcha ndi kusamba kumaso akaweruka. Abale athu ambiri kuno ali pa ntchito yomweyi ya m'magadeni, ndipo amangopirira poganiza kuti ndi chimfine wamba.

Chodabwitsa n'chakuti mitengo yonseyi ndi yobwera. Golide asanapezeke mu 1886, kuno kunali udzu ndi zitunda za miyala, monga mungaonere pa Melville Koppies pomwe anasungapo kachigawo ka tchire loyambirira. Dera la Saxonwold linayamba ngati munda wa mitengo yokachirikizira migodi, migodi yomwe ija agogo athu ankabwerera pa Theba. Wina akadzaboola matope a m'madamu a kuno zaka zikubwerazi, adzaona pomwe paini, bulugama ndi plane zikuyambira, ndipo adzadziwa kuti mzinda unayambira pamenepo.

Tsopano za ndalama, poti ndi pomwe pagona nkhawa ya alamu. Njira yake ndi yaitali. Mapepala a kwathu amayamba aunikidwa ndi bungwe la SAQA, ndipo kawirikawiri munthu amauzidwa kuchita chaka cha honours asanalowe masters. Masters ndi zaka ziwiri, PhD zitatu kapena zinayi. Chitupa cholowera m'dziko ngati wophunzira chimafuna kuti ukhale ndi inshuwalansi ya zachipatala, ndipo imeneyo ndi ndalama. Thandizo la National Research Foundation liripo, koma gawo lopita kwa ochokera kunja ndi laling'ono, choncho ambiri a ife tinadutsira pa ndalama za pulojekiti ya pulofesa amene anatilandira. Akamaliza PhD, chimene chimatsatira nthawi zambiri ndi makontirakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo munthu umakhala ukulemba makalata opempha ndalama za kafukufuku chaka ndi chaka. Mnzake amene analowa unamwino adzayamba kulandira malipiro iye akadali pasukulu, ndipo adzamanga nyumba msanga. Zimenezi amve ndithu. Ntchito zokhazikika zilipo koma n'zowerengeka: kuphunzitsa pa yunivesite, m'nyumba zosungira zakale, m'makampani a malasha ndi mafuta omwe amagwiritsa ntchito mungu wa m'miyala podziwa msinkhu wa miyalayo, m'malabu oyeza uchi, ndi ku zaumoyo monga ndafotokozamu. Chimene ndaona n'chakuti amene amaphatikiza mungu ndi luso lina sasowa pogwira. Aphunzire masamu a kafukufuku ndi pulogalamu yake ya pakompyuta yotchedwa R, aphunzire kupanga mapu pa kompyuta, ndipo chemistry asaitaye.

Za chitetezo sindikubisirani, poti mukudziwa ziwawa zimene zinachitikira alendo kuno mu 2008, 2015 ndi 2019. Mwana wamkazi wobwera yekha afunika malo ogona odalirika pafupi ndi sukulu ndi anthu omuyang'anira. Ife tilipo, ndipo amayi a kumpingo kwathu amalandira bwino ana a sukulu ochokera kumudzi. Malo ophunzirira abwino aliponso. Pa yunivesite ya Wits kuno ku Joni pali Evolutionary Studies Institute, komwe kwagwira ntchito akatswiri a zomera zakale monga Marion Bamford, amene anapeza kuchokera ku zidutswa za mitengo yosanduka miyala kuti ku Sterkfontein, komwe kunapezeka chigaza chakalekale cha cholengedwa chofanana ndi munthu chotchedwa Mrs Ples mu 1947, kunali nkhalango ya zilambe zoyanga m'mitengo. Ku Bloemfontein ndi ku Cape Town nakonso kuli malabu a mungu.

Koma chimene ndikufuna kunenetsa ndi ichi, ndipo n'chifukwa chake ndati ayambire kwathu. Munthu sungatchule dzina la kanjere kamene sunakaonepo. Labu iliyonse imadalira mabokosi a timagalasi ta mungu wotengedwa ku maluwa a zomera zodziwika bwino maina, kuti ukakumana ndi kanjere kachilendo m'matope ukafananize. Ndikamagwira matope ochokera kumadera a kwathu, pamakhala tinjere timene ndimangolemba kuti tosadziwika, kapena kungotchula banja lake osafika pa mtundu, chifukwa chofananizira palibe pafupi. Zimandipweteka mtima, chifukwa mwina mtengo wake ndi womwe uja ndinkaukwera ndili mwana. Vuto lina n'lakuti mitengo yambiri ya m'nkhalango zathu, monga mombo, imadalira tizilombo, choncho mungu wake umafika wochepa m'nyanja. Tinjere tochepa tingatanthauze nkhalango yaikulu, ndipo kuti udziwe kamasuliridwe kake uyenera kutapa dothi la pamwamba m'nkhalango za lero n'kuona kuti mitengo imene ukuiona ndi maso ikusiya mungu wochuluka bwanji. Ntchito imeneyi imafuna munthu wokhala konko, wodziwa mitengo, wotha kukhala pansi ndi agogo a m'mudzi, asing'anga ndi alimi a njuchi n'kuwafunsa m'chinenero chawo kuti uwu ndi mtengo wanji, umachita maluwa mwezi uti, njuchi zimaukonda kapena ayi. Mlendo wobwera milungu iwiri sangaithe. Mbiri ya nyanja yathu yawerengedwa kwambiri m'malabu a kutali, ndipo ndikuwathokoza amene anaiwerenga, koma ndikulakalaka tsiku limene mwana wa ku Ntchisi adzaiwerengere ku Zomba kapena ku Mzuzu, pa timagalasi topangidwa ndi manja ake.

Ndiye pempho langa kwa inu nonse awiri ndi ili. Nthawi yake ndi inoyi, poti mitengo ikamaliza kuphukira masamba ofiira aja maluwa amatsatira. Pa tchuthi azipita nanu kumunda ndi m'mphepete mwa nkhalango. Pa mtengo uliwonse athyole maluwa amene atsala pang'ono kumasula, osati omasula kale, chifukwa omasula amakhala atayenderedwa ndi njuchi zonyamula mungu wa mitengo ina. Awaike mu envelopu ya pepala, osati m'jumbo, poti m'jumbo amachita nkhungu. Athyolenso kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa, akapanikize pakati pa nyuzipepala n'kutsendereza ndi mabuku mpaka kaume. Pa envelopu ndi pa nyuzipepala alembe nambala yofanana, ndipo m'kope alembe dzina la mtengowo monga amautchulira anthu a kumeneko, malo, tsiku ndi mtundu wa dothi. M'nkhalango yotetezedwa asalowe kukathyola popanda chilolezo cha a zankhalango. Zonsezi asandipatsire a mabasi kuti abwere nazo kuno, chifukwa zomera sizidutsa malire popanda zikalata, komanso ndikufuna zikhale za kwathu. Apite nazo ku National Herbarium ku Zomba kuti akatsimikize maina a sayansi. Munthu wofika kwa pulofesa atanyamula kope lotere safanana ndi wongobwera ndi satifiketi.

Ming'oma yanu ya njuchi ija nayo ilowe m'nkhaniyi. Uchi umasunga mungu wa maluwa amene njuchi zinayendera, ndipo kuuyeza n'kosavuta poyerekeza ndi matope. Magalamu 10 a uchi timawasungunula m'madzi ofunda, kuzunguza m'makina, n'kuwerenga zotsalira pansi. Mtundu umodzi ukaposa magawo 45 pa 100 aliwonse, timati ndiwo waukulu mu uchiwo. Umu ndi mmene wogula wakunja amatsimikizira kuti uchi wolembedwa kuti ndi wa m'nkhalango ndi wa m'nkhalangodi, ndiponso zimathandiza kugwira uchi wokayikitsa. Mukamafula, muzipatula kabotolo kakang'ono pa mng'oma uliwonse, wongofinya osauphika, n'kulembapo mwezi, malo ndi mitengo imene inali ndi maluwa nthawiyo. Kafukufuku wa masters angathe kuchokera pa mabotolo amenewa, ndipo alimi anzanu a njuchi angapindule naye mwachindunji.

Mwanayo anditumizire zotsatira za mayeso ake onse ndi tsamba limodzi lofotokoza, m'mawu akeake, funso limene akufuna kuyankha. Ndidzamuthandiza kulikonza tisanalembere aliyense. Ndikuyembekeza kubwera kumudzi mu Disembala, ndipo ndidzanyamula timagalasi tingapo kuti tidzaonere limodzi pa maikulosikopu ya kusukulu kwanu, ana anu a Fomu 4 adzaonenso. Alamu muwauze kuti ndidzakhala nawo pansi ndekha, adzandifunse chilichonse chimene akufuna, ndipo ndidzawayankha mosabisa monga ndachitira kwa inu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa mayi anu ngati mupitako kumapeto a mwezi.

Ndine wanu,
Mnzanu wa ku Joni